Mvula Inagwa Ndili ku Mangalande

Zaka zija matipate atakhazikika, chaka chotsatira njala imene tinkadya madeya ndi mizu ya nthochi kuno kwa Dambe, maso anga onse awiri anachita ng'ala, moti munthu ndinkamuzindikira ndi mawu, ndipo popalira ndinkadula chimanga n'kusiya udzu. Thotholani mtedzawo, ana inu, nkhani imamveka ndi makutu, osati manja. Mwana wanga Agnesi, amene inu mumati azakhali, nthawi imeneyo anali namwino ku Mangalande, ndipo anatumiza tikiti nati ndipite akandipale ng'alayo. Ndinanyamuka mu Seputembala, nditatsimikizira agogo anu aNabanda kuti mvula yobzalira idzandipeza ndabwerako.

Kumene ankakhala Agnesi sikunali kumzinda waukulu ayi, kanali katauni ka m'mbali mwa nyanja yamchere, kachete ngati tchalitchi Lolemba. Anthu ake nkhalamba zokhazokha, aliyense ndi kagalu pachingwe, ndipo ukapereka moni ankangomwetulira n'kupitirira, osafunsako n'komwe kuti kunyumba adzuka bwanji. Agnesi akapita kuntchito ine ndinkatsala ndi khoma. Ndinkatsika kunyanja, kukhala pabenchi, kunyamuka, kubwerera kunyumba, kufika n'kutulukanso. Madzi a kumeneko amachoka m'mawa n'kusiya matope, masana n'kubwerera, ndiye ndinkati nawonso asowa chochita ngati ine.

Mu Okutobala anandipala diso lamanja, ndipo atachotsa bandeji ndinaona nkhope ya mwana wanga bwinobwino, ndinalira, sindibisa. Koma dokotala anati lamanzere adzapala mu Disembala, loyambalo likapola. Disembala! Mtima unangoti myuu. Ndipo kupenya kuja n'kumene kunawonjezera mavuto, chifukwa tsopano ndinkaiona mvula ikuvumba tsiku ndi tsiku panthaka yopanda wolima, mvula yabwinobwino kuwonongeka chonchi. Manja anayamba kuyabwa. Tsiku lina ndinapeza fosholo kuseri kwa nyumba, ndinatembenuza kapinga yense n'kuunda mizere itatu yowongoka bwino. Iwe Tadala usaseke, inali mizere yoti mlangizi akanaima n'kuwomba m'manja.

Agnesi pobwera anagwira kumutu. "Bambo, nyumba ino ndi ya lendi! Kapingayu ndi wa eni ake!"

Ndinaifafaniza ndekha mizereyo, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

Masiku ano foni muli nayo m'thumba, munthu akhoza kukujambulira munda uli kutali n'kuuona, koma nthawi imeneyo agogo anu ankayenda mpaka kusukulu kukapempha foni ya ahedi. Chakumapeto kwa Novembala anaimba.

"Mvula yagwa dzana, anzathu abzala. Koma inu khalani komweko mumalize, kuno tiona chochita."

Mukuganiza kuti ndinamva zoti khalani? Ndinangomva zoti yagwa. Ndinauza Agnesi kuti asinthe tikiti.

"Bambo, atsala masabata atatu okha. Chonde pirirani."

"Mvula sidikira dokotala. Iwe njala ija unali kuno, sunanyamule maliro a ana ngati ife."

Mawu amenewo anamulasa, pakuti chimanga chimene chinatipulumutsa chaka cha njalacho anatigulira ndi iye yemweyo. Anagwada pansi, mayi wamkulu ndi yunifolomu yake, nati, "Munda mudzalima chaka chamawa, koma diso silimera." Ine ndinaumitsa khosi, chakudya ndinayamba kukana, chikwama ndinalongedza n'kuchiika pakhomo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwo ndinkauphunzitsa ena, koma tsiku limenelo ndinangoti mlendo ndi mame, ndakhalitsa. Pabwalo la ndege Agnesi anandiikira mankhwala a m'maso m'thumba la jekete.

Nditatsika minibasi sindinalowe n'komwe m'nyumba, ndinathamangira kumunda ndi nsapato za ulendo. Ana inu, ndinapeza munda wonse wobzalidwa, chimanga chitamera kale, mtedza ukusuzumira. Agogo anu anali ataitana amayi anzawo a mumphakati, anaphika thobwa, ntchito n'kutha masiku awiri. Anandipeza nditaima pamzere, anandiyang'anitsitsa kumaso, nati, "Takulandirani. Nanga diso linalo mwalisiya kuti?"

Ndinati ndidzapitanso tikakolola, koma tikakolola kunkabwera fodya, fodya akatha kunkabwera kusosa, ndipo kenako mapepala a ulendo anayamba kuvuta. Pamene ndinkapita kuchipatala ku Lilongwe patatha zaka, anandiunika n'kunena kuti ndinachedwa, disolo linafa kale.

Chimanga cha chaka chimenecho chinabereka, tinadya, chinatha, ndipo sichinandifune n'komwe. Tsono inu mukadzakula, mukadzapita kutali kukafuna thandizo, mtima ukadzayamba kukuuzani kuti kumudzi zinthu zaima chifukwa inu kulibe, mudzaukhazike pansi, mudzamalize chimene munapitira. Amene mwawasiya kunyumba nawonso ali ndi manja. Tadala, bwera ukhale mbali yamanjayi, uko wakhalako sindikukuona.