Wonyamula Chithunzi cha Mayi Amelia Lau

Malemu anabadwa pa 9 Epulo 1941 ku Zhongshan m'dziko la China, ndipo makolo athu anawatcha Sau-Ling. Ine ndine mlongo wawo, Augusto Lau. Musadabwe kundiona maso ali gwa; chichokereni Lachiwiri sindikumva kalikonse.

Mu 1953 tinafika kuno ku Lima, m'dziko la Peru, pa sitima ya pamadzi, ndipo masisitere a kusukulu anawabatiza dzina loti Amelia. Anamaliza maphunziro a uphunzitsi mu 1962, chaka chotsatira n'kumanga banja ndi malemu bambo Ernesto Siu. Mulungu anawapatsa ana aakazi okhaokha. Apongozi awo ankakonda kunena kuti, "Mwana wamkazi ndi madzi otaya pabwalo. Ukadzafa, chithunzi chako adzanyamula ndani?" Paja kwathu wotsogolera bokosi atanyamula chithunzi cha malemu amakhala mwana wamwamuna.

Mu 1974 malemu anayamba kulemba mabuku a ana, onse onena za kamtsikana kamodzi, Yuk-Lan, kaulemu, kopereka tiyi kwa akuluakulu ndi manja awiri, koma kosalola kuima kumbuyo. M'buku lina kanavina gule wa Chaka Chatsopano katavala mutu wa mkango, umene atsikana sankaloledwa ngakhale kuukhudza. Akuluakulu a bungwe lathu la anthu ochokera ku China analichotsa bukulo pasukulu ya ana athu ya Loweruka. Ena mwa inu muli pompano. Ana anu ankaliwerengabe mobisa, kuseri kwa matumba a mpunga.

Mu Okutobala chaka chatha anapezeka ndi khansa ya m'mapapo. Anatisiya pa 4 Marichi 2025, ali kunyumba.

Dzulo achibale anagwirizana zoti chithunzi anyamule mwana wanga wamwamuna, Wilfredo. Iye wakana. Wati, "Bambo, ine ndinakulira mabuku a azakhali. Mukufuna andiseke ali m'bokosimo?"

Malemu asiya ana atatu, Griselda, Nélida ndi Otilia, komanso zidzukulu zisanu. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, a mpingo, ndi inu nonse amene mwatikhalitsa pamaliro ano. Potuluka mutenge siwiti pakhomopo monga mwa mwambo, kuti kuwawaku kusakutsatireni kunyumba.

Amene ali ndi mawu pa nkhani ya chithunziyi awasunge, ine ndatopa. Griselda, imirira mwanangu, tenga chithunzi cha amayi ako utitsogolere.

Achemwali, wonyamula uja wapezeka. Mzimu wanu uuse mumtendere.