Ndinagwira Miyendo ya Mng'ono Wanga

Aulutsi, ndine mayi wa ku Sadzi kuno ku Zomba, ndipo zimene ndinachita zimandidyabe mumtima.

Mng'ono wanga amadwala khunyu. Mneneri wina atamuona akugwa, anati ali ndi ziwanda zofunika kukazitulutsira kuphiri. Loweruka m'mawa tinakwera naye mpaka m'mitengo ya paini. Kumeneko mneneriyo anamumanga manja ndi chingwe n'kuyamba kumukwapula ndi nthambi. Ine anandiuza kuti ndimugwire miyendo uku ndikuimba nyimbo, ndipo ndinagwiradi.

"Achemwali, ndine! Mukundipha!" analira motero.

"Musamvere, chikulankhulacho ndi chiwanda!" anakuwa mneneriyo.

Anamuponda pachifuwa mpaka magazi kutuluka m'kamwa. Atamupotokola mkono, ndinamva fupa likuthyoka, koma ndinapitiriza kuimba. Anamulanditsa ndi amayi otola nkhuni, amene anathamangitsa mneneriyo ndi zikwanje.

Kuchipatala kunabwera amayi ena achikulire a mumpingo mwathu kudzationa. Ataona mabala aja anandifunsa kuti, "Mwana wanga, suja timakhulupirira kuti Yesu anamugonjetsa kale Satana pamtanda, ndipo tsiku lomaliza adzamuponya m'nyanja ya moto? Nanga mkwapulo wanuwo umawonjezera chiyani?"



Lero mng'ono wanga akumwa mankhwala ndipo sakugwa kawirikawiri, koma mkono uja unapuwala. Akuti anandikhululukira.

Omvera anzanga, wodwala mupite naye kuchipatala, mumupempherere mwachikondi. Ine mpaka lero ndikakweza dzanja kuti ndimupempherere, iye amadzitchinga kumaso.