Sajeni Nebert Zikhale, Amene Anatsika Njinga pa Maliro Abodza

Amene tikuwaika lero ndi Sajeni Nebert Zikhale. Anabadwa mu 1934 m'mudzi mwa Goliati, m'boma lino la Lilongwe. Wowerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, Ackson.

Sukulu anaphunzira ku Nkhoma mpaka Sitandade 6. Analowa ntchito ya upolisi ku Zomba mu 1955, ndipo mu 1958 anakwatira mayi Alesi Naphiri. Mu mpingo anali mkulu wa mpingo kuyambira 1969.

Likulu litasamukira kuno mu 1975, nawonso anawasamutsa. Chaka chotsatira akuluakulu awo anawapatsa ntchito yofufuza za umbanda wa mfuti umene unayamba m'nyumba zatsopano za ku Area 47 ndi m'masitolo a ku Area 2. Malemuwa sankakonda kufufuzira mu ofesi. Ankayenda pa njinga, kucheza ndi alonda, ophika ndi osamalira maluwa, anthu amene sankafunsidwa ndi wina aliyense. Anapeza kuti mfuti inali imodzi, yomangobwerekana, ndipo anthu ake anali atatu. Analangiza kuti apolisi aziyenda pansi m'malo mongodutsa pa galimoto, ndiponso kuti alonda oyandikana azidziwana. Kumene malangizowa anatsatidwa, umbanda unachepa.

Lachisanu pa 12 Ogasiti 1977, masana, akuchokera ku msika wa Lilongwe, anapeza masamba atayalidwa pa msewu monga timachitira pakagwa maliro. Anachita zimene anatiphunzitsa makolo: anatsika njinga, navula chipewa. Pamalopo panalibe maliro. Anthu atatu a mfuti aja, amene anayala masambawo, ankadziwa kuti Sajeni Zikhale sangadutse pa maliro ali pa njinga. Anawawombera kawiri, chipewa chili m'manja.

Ku chipatala anatsitsimuka Lamlungu. Anauza mayi a kunyumba kuti mmodzi mwa atatuwo anamuona nkhope, ndipo anamutchula dzina. Kenaka anati, "Alesi, munthuyu wadya kwathu. Usamukalipire akabwera." Anamwalira Lolemba pa 15 Ogasiti, ali ndi zaka 43.

Dzinalo tinakalipereka ku polisi tsiku lomwelo. Mwini dzina anabweradi dzulo kudzapepesa, anatigwira chanza, ndipo wakhala nafe pano. Palibe wamukalipira. Tafuna kuti amve mbiri yonse, aonenso ana. Pochoka pano sapita kwawo, apolisi akumudikira.

Banja lagwirizana kuti maliro ano sitimeta, ndipo chiliza sitimanga, kufikira onse atatu ataweruzidwa. Amene mukuwasunga awiri enawo, dziwani kuti alonda onse amene malemuwa ankacheza nawo abwera, ndipo ayamba kale kulankhula.

Asiya mkazi wawo mayi Naphiri. Ana aamuna Lawford ndi Bonaventure. Ana aakazi Jenifa ndi Consolata, amene sanayambe sukulu. Mayi owabereka malemuwa. Ndi ine mng'ono wawo.

Sajeni Zikhale apumule mu mtendere. Amene anayala masamba aja asaupeze.