Mvula Yoyamba pa Malata Anga

Ndine mayi wa ku Mulanje kuno, ndipo ndati omvera anzanga amve zanga. Napolo atakokolola nyumba yanga, mutu wanga unasokonekera. Ndinkagona pansi pa mabenchi mumsika wa Chinakanaka, ndipo mvula ikangodontha ndinkathawa ndikukuwa kuti phiri likubwera. Anthu mpaka anandipatsa dzina loti Anapolo.

Tsiku lina amayi a gulu lothandiza ovutika m'dera lathu anandipeza. Mmodzi anakhala nane pansi, pamatope pomwepo, nati, "Achemwali, simunalodzedwe ayi. Awa ndi matenda, ndipo mankhwala ake aliko kuchipatala." Anandiperekeza, ankabwera kudzandikumbutsa kumwa mankhwala, kenako anaumba njerwa n'kundimangira kanyumba pamtunda, kutali ndi mtsinje.

Mvula yoyamba itagunda malata, mtima unati thawa. Amayi aja anabwera chothamanga, atanyowa, poganiza kuti ndalowera kutchire. Anandipeza pakhonde ndikutchera ndowa kuti ndipeze madzi ochapira!

Lero ndimagulitsa zinanazi pa benchi lomwe ndinkagona pansi pake lija. Inu amene munkandiseka, bwerani mudzagule kwa Anapolo. Basela ndidzakuikirani.