Zikwangwani za Pamphambano ya ku Kawale

Lachiwiri m'mawa pa siteji ya minibasi ku Kawale, bambo wina wachikulire anayamba kucheza ndi mayi wosamudziwa amene ananyamula fulasiki ya phala.

"Wa kuchipatala ulendowu, Amayi?"

"Eya, Abambo. Mwana wanga Tusekele anagundidwa ndi minibasi pamphambano apo Lachisanu, akuweruka kusukulu. Adokotala akuti mwendo wake mwina audula."

"Mayo ine! Si paja anazikapo zikwangwani zoti galimoto ziziima, mbali zonse zinayi?"

"Anazika, titadandaula chaka chathunthu. Zinangokhala masabata awiri. Pano patsala mapolo okhaokha."

"Madalaivala amenewa! Anachotsa ndi iwowo basi."

"Achotse nthawi yanji, poti saima n'komwe? Ndi okhoma mbaula, Abambo. Akuti lata lake silipsa msanga. Ndiye ogula ndife tomwe! Penti yofiirayo tikuiona ndi maso athuwa, koma timvekere, 'Iyi ndiye mbaula yolimba.'"

"Yofiira, mwati?"

"Yofiira, ya mzere woyera m'mphepete."

"Amayi... akazi anga anagula yotero mwezi watha."

"Ndiye mukafika mukawauze kuti akuphikira pa mwendo wa mwana wanga."