Nkhafi ndi Msomali

Pa siteji ya basi ku Sinda, a Mwanaidi ogulitsa zitumbuwa analandira ngwee ziwiri kwa bambo wina wachilendo, koma maso awo ali pa nkhafi imene bamboyo ananyamula.

"Pepani bambo, kuno kopanda nyanja, nkhafi njachiyani?"

"Ndimapalasira bwato pamtsinje wakwathu, mayi. Ndimavuula zitini za mankhwala a thonje zimene anthu amataya m'madzi."

"Aboma amakulipirani?"

"Ayi. Ng'ombe zanga ziwiri zinamwa madzi amenewo n'kufa."

"Nanga msomali muli nawowo?"

"Ngoboolera zitinizo ndisanazikwirire."

"Kuboola zitini zabwinobwino? Mukanandisungirako chimodzi. Sizidontha zija, mafuta okazingira amakhalamo bwino."

Bamboyo anasiya kutafuna, nayang'anitsitsa chitumbuwa chimene anali ataluma.

"Mayi, mafuta a lerowa munasunga m'chiyani?"