Khadi la Pansi Penipeni

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1959, oyamba m'banja la ana anayi. Ine amene banja landiimika pano ndine mlongo wawo, mzime wa m'banjamo. Abale ndi anansi, Olemekezeka phungu wa dera lino amene mwakhala kutsogoloku, ndi inu nonse mwadzatikhuza, mundipirire. Mbiri iyi ili ndi malo ena amene ine ndemwe ndikamawerenga thupi limachita tsembwe, koma achemwali anandilamula kuti ndisadumphe kanthu, ndipo ine sindinayambe ndawakanira chiyambire ubwana wanga.

Mu 1966 anayamba sukulu ya pulayimale, ndipo mu 1974 anasankhidwa kupita ku sekondale. Masamu ankawazunguza mutu, izi tisabise. Chimene Mulungu anawapatsa ndi dzanja. Zilembo zawo zinali zoongoka, zopendekera pang'ono kumanja, moti aphunzitsi ankawaitana kukalemba mayina pa masatifiketi a anzawo. Ngakhale makalata amene ine ndinafunsira mbeta analemba ndi iwo. Mayi a kunyumba kwanga ali apowo anadzazindikira ukwati utatha kale chaka kuti zolemba zanga zenizeni zimangokhala ngati papalasa nkhuku.

Mu 1979 analowa sukulu ya ulembi, ndipo Lolemba pa 2 Febuluwale 1981 anayamba ntchito mu ofesi ya phungu wa dera lino. Ambiri a inu mumaidziwa ofesiyo kuchokera pa benchi ya panja. M'kati munali kachipinda kopapatiza, zenera limodzi loyang'anizana ndi khoma, tebulo, makina otayipira, ndi kabati yachitsulo ya madilowa anayi. Kuseri kwa chitseko kunali msomali. Mkulu wa alembi anali bambo wina amene tonse tinkamutchula kuti a Mawa, chifukwa aliyense wofika ndi vuto ankamuuza kuti abwere mawa. Anatisiya kalekale, ndiye sindiwanena zambiri.

Mu Sepitembala 1982 kunamveka mbiri ya anthu a ku Palesitina amene anaphedwa m'misasa ya othawa nkhondo. Aphunzitsi, anamwino, anthu a m'mipingo ndi m'mizikiti anagwirizana zolembera phungu makalata, kumupempha kuti akaimirire m'nyumba ya malamulo n'kunena kuti amenewonso ndi anthu. Makalata anabwera ochuluka. A Mawa anati nkhani za kutali zisalowe kwa bwana, zingowasokoneza. Anakoleka thumba pa msomali uja n'kumaponyamo makalatawo. Kenako anabweretsa timakhadi toyera, opanda tsiku, opanda dzina, n'kuuza malemu kuti pa lililonse alembe ndi dzanja mawu awa: "Olemekezeka alandira kalata yanu ndipo aiganizira mozama. Zikomo polemba." Anati munthu akalandira yankho lolembedwa ndi dzanja lokongola mtima wake umakhala pansi, ndipo salembanso. Thumba likadzaza, Lachisanu ankakalitentha kuseri kwa ofesi.

Nzeru imeneyi inayenda bwino kwambiri moti makhadi anayamba kuyankha kalata iliyonse. Mu 1983 mphunzitsi wina analemba kudandaula za ngalande yotsekeka pafupi ndi sukulu yake. Atalandira khadi, anabwera yekha kudzaona mwini zilembozo. Pa 4 Ogasiti 1984 anamanga nawo banja, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu, mu 1986, 1988 ndi 1992. Alamu anga ankakonda kunena kuti anapita kukafuna ngalande n'kubwerako ndi mkazi. Ngalandeyo mwaiwoloka lero pobwera kuno, ikadali yotsekeka.

Aphungu anasintha kasanu ndi kamodzi, a Mawa anapuma, makina otayipira anachoka n'kubwera kompyuta, koma makhadi anatsala, chifukwa analibe dzina la munthu. Pali chinthu chimene tonse tinkachiona osachimvetsa. Malemu ankalemba makhadi ochuluka kuposa ofunika. Kukabwera makalata khumi, iwo ankalemba makumi awiri, otsalawo n'kuwasanja m'kabati pamwamba pa akale. Ena ankabwera nawo kunyumba kudzalemba Loweruka. Tikawaseka kuti kodi akuopa kuti dzanja liwathawa, ankangoti pansi pasamaoneke. Tinkayesa ndi ukhondo wa ntchito chabe.

Mu Meyi 2004 amuna awo anamwalira. Analera okha anawo mpaka onse anaima paokha. Pa 29 Malichi 2019 anapuma pa ntchito atatumikira zaka 38. Anasiya madilowa onse anayi odzaza, makhadi oposa zikwi zinayi. Mayi amene analowa m'malo mwawo anapitiriza mwambo: kalata ikafika, amatenga khadi la pamwamba, kuika mu envulopu, kulemba adiresi. Popeza masiku ano olemba pa pepala ndi ochepa, makhadi amenewo akanatha ife tonse tili m'manda.

Mu Okutobala 2023 achemwali anali kwa mwana wawo wamkazi, namwino uja wakhala pambali pa bokosiyo. Pa kanema ankaonetsa nkhondo ya ku Gaza. Anaonetsa mayi wina atagwira mwendo wa mwana wake wamoyo, akulembapo dzina lake, kuti nyumba ikawagwera opeza mtembo adzadziwe kuti ndi ndani. Ife tinkayang'ana nkhope ya mwanayo. Malemu ankayang'ana dzanja la mayiyo. Anatiuza kuti mayi ameneyu akulemba mosamala chifukwa akudziwa kuti wina adzawerenga, pamene iwo analemba moyo wawo wonse kuti pasapezeke wowerenga. Tsiku limenelo sanadye.

M'mawa mwake analembera ofesi yawo yakale kalata ya masamba awiri. Anapempha phungu kuti akalankhule m'nyumba ya malamulo za ufulu wa anthu a ku Palesitina: kuti ana asaphedwe, chakudya ndi mankhwala zifike, ndi kuti munthu asathamangitsidwe pa nyumba yake. Patatha milungu iwiri yankho linabwera. Ndinalipo potsegula. Munali khadi la dzanja lawo lomwe, lowauza kuti kalata yawo iganiziridwa mozama. Ine ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Iwo sanaseke. Analinunkhiza khadilo, n'kunena kuti analilemba chaka chomaliza cha ntchito, ndipo mafuta amene ankadzola m'manja nthawi imeneyo anali kumvekabe.

Apa ndi pamene panayambira ntchito imene ambiri a inu mumawadziwira. Malemu ankaidziwa ofesi ija kunja ndi m'kati. Anati malinga ngati m'kabati muli khadi, palibe adzawerenge kalata. Koma makhadi akadzatha, munthu wamoyo adzayenera kukhala pansi, kutsegula envulopu, n'kuganiza choyankha. Choncho anasonkhanitsa anzawo: amayi a pa msika, atelala awiri, aphunzitsi opuma, ndi bambo wokonza mawotchi amene ankalemba mzere umodzi wokha koma osajomba. Lachiwiri ndi Lachisanu masana ankakumana pa khonde pawo. Lamulo linali lakuti aliyense alembe ndi dzanja lake ndi mawu ake, pa pepala, osakopera mnzake, osatukwana. Ine ndinapatsidwa udindo wonyamula makalata kupita nawo ku positi ofesi, poti kulemba anandiletsa.

Aliyense akalandira khadi ankabwera nalo, ndipo malemu ankaliyala pa tebulo la m'chipinda chodyera motsatana ndi anzake. Apa mpamene tinayamba kuona zachilendo. Popeza ofesi inkatenga kuchokera pamwamba, makhadi ankabwera chobwerera m'mbuyo. Oyamba anali a dzanja la munthu wachikulire. Pofika pakati pa 2024 kunabwera makhadi pafupifupi makumi atatu a zilembo zonjenjemera, ena inki itafufutika ndi timadontho. Malemu anawayang'ana n'kunena kuti awa ndi a mwezi umene anaika amuna awo. Kenako kunabwera lina lokhala ndi chithunzi cha mphaka kumbuyo, chojambula ndi pensulo. Namwino wathuyu anachizindikira, anajambula ali ndi zaka zisanu. Chipinda chija chinayamba kununkha sopo amene anasiya kupangidwa kalekale, moti alendo ena ankakana kudyeramo.

Mu Febuluwale 2025 malemu anayamba kudandaula m'mimba, ndipo madokotala anapeza khansa. Thupi linayamba kutha, maso kuchita chidima, cholembera kugwa m'manja. Koma makhadi ofika pa khomo ankanka nakongola. Zilembo zinkaongoka, inki ya bolopeni inatha n'kuyamba ya cholembera chothira inki chimene bambo athu anawagulira poyamba ntchito. Mayi wodwala ankakhala mbali ino ya tebulo, ndipo mbali inayo kunali dzanja la mtsikana wamphamvu, likubwera sabata ndi sabata. Anasiya kunena kuti makhadi anga. Ankati mtsikana uja. M'mawa ankandifunsa ngati mtsikana uja walemba, ndipo tsiku lina anandiuza mosaseka kuti mtsikana uja akuyandikira, akadzafika iwo azipita. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinachita mantha. Sabata ina ndinabisa makalata a gulu m'galimoto osakaponya, kuti mwina mtsikana uja achedwe kufika. Anandigwira tsiku lachitatu, ndipo mawu amene anandiuza sindingawabwereze pa maliro.

Pa 18 Ogasiti anagonekedwa m'chipatala. Kalata yawo yomaliza anailemba ali pa bedi, masiku atatu tsamba limodzi ndi theka, atakana kuti wina awalembere. Anachita kulemba ziwiri zofanana. Imodzi ndinakaponya, inayo anati ndisunge m'thumba la jekete. Anauzanso mwana wawo kuti pansi penipeni pa dilowa yomaliza ya kabati ija anaikapo chinthu ali ndi zaka 23. Anati analephera kuchitumiza chifukwa cha mantha a ntchito, analepheranso kuching'amba, ndiye anangokhalira kuchikwirira ndi makhadi ena. Tinayesa ndi mankhwala akuwalankhulitsa. Lolemba pa 8 Sepitembala 2025, cha m'ma 10 koloko m'mawa, anatisiya ali ndi zaka 66.

Dzulo Lachitatu, tili pakati pokonzekera mwambo uno, ndinapita ku positi ofesi monga mwa chizolowezi. M'bokosi munali envulopu imodzi yokha, ya dzina la malemu, yankho la kalata yawo yomaliza. Khadi lake ndi ili ndanyamulali. Lachita chikasu, m'mphepete muli dzimbiri la pansi pa dilowa. Mayi wa ku ofesi uja, amene ali nafe pano ndipo sitikumuimba mlandu, wanditsimikizira kuti linali lomaliza, ndipo analiika mu envulopu osaliyang'ana, monga anaphunzitsidwira. Dzanja lake ndi lija linandilembera makalata a mbeta. Likuti:

"Olemekezeka sanaione kalata yanu. Ili m'thumba kuseri kwa chitseko pamodzi ndi zinzake, ndipo Lachisanu aitentha. Ine ndaiwerenga. Anthu aja akufabe. Lembaninso, musatope. Mwina tsiku lina ndidzalimba mtima."

Malemu asiya ana atatu, wamkazi mmodzi ndi amuna awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi, ndi ine mlongo wawo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza, anansi amene akhala nafe chiyambire Lolemba, achipembedzo, ndi onse amene agwira ntchito ya kumanda. Likuthokoza a pa kauntala ya positi ofesi, amene ankati akandiona pa khomo n'kutulutsiratu masitampa. Likuthokoza gulu la pa khonde, ndipo landituma kuti ndinene kuti khondelo likadali lotsegula. Mawa ndi Lachisanu, nthawi ndi yomwe ija.

Pomaliza tikuthokoza inu Olemekezeka chifukwa chobwera nokha osatuma munthu. Mwabwera ndi nkhata ya maluwa, ndipo tailandira ndi manja awiri. Ifenso tili ndi choti mubwerere nacho. Iyi ndi kalata ija anati ndisunge m'jekete. Ndi tsamba limodzi ndi theka, zilembo zake ndi zokhotakhota, mudzafunika magalasi. Sindinaimate. Kabati ija ilibe kanthu tsopano, ndipo amene ankakuyankhirani ndi awa agona apawa. Yankho la iyi lidzafunika dzanja lanu.

Achemwali, mtsikana uja wafika, ndipo tamumva tonse. Mzimu wanu uuse mumtendere.